Musanalowetse Makina a Laser M'nyumba

(NYIMBO YOTSEGULIRA. IKWERE, KENAKO ITSIKE)

WOULUTSA:  Yakwana nthawi ija ya zaluso ndi ntchito zamanja. M'manja mwangamu ndagwira kanthu koti mukanakhala pafupi ndikanakupatsirani mmodzimmodzi. Ndi mapu a Malawi a pulayiwudi, kutalika kwake ngati chala changa chapakatichi. Nyanja ilipo, Likoma ndi Chizumulu ziliponso, timadontho tiwiri. M'mphepete mwake muli bii ngati munadutsa moto, ndipo ndikanunkhiza ndikumva kafungo ka nkhuni. Amene anapanga ali nane muno. Masana ali ndi ntchito yawo ina, koma madzulo ndi Loweruka mukawafuna mukawapeza m'galaja, ali pa makina a laser. Bambo, takulandirani.

MMISIRI: Zikomo kwambiri mayi. Moni kwa onse akutimva.

WOULUTSA: Dzulo ndimauza mayi anga kuti lero tikamba za laser, iwo akuti, "Kodi pawailesipo mwayamba kuphunzitsa kumeta?"

MMISIRI: (ASEKA) Mukawauze kuti lezala ndi wina, uyu ndi wina, ngakhale onse timati amadula. Ndipo mawu oti kudulawa ndi amene amasocheretsa anthu. M'makinamu mulibe mpeni, mulibe sowo. Amawotcha. Mukukumbukira tili ana, tinkaba mandala a agogo n'kupita nawo padzuwa, kuunjika kuwala konse pa kadontho kamodzi papepala mpaka utsi tolo? Nzeru yake ndi yomweyo. Kuwala kwamphamvu kumapanikizidwa pa kadontho kochepa ngati nsonga ya singano, kompyuta n'kumayendetsa kadonthoko motsata chithunzi chimene mwajambula. Kakathamanga kamangosiya chipsera pamwamba, ndiko kuzokota. Kakayenda pang'onopang'ono kamabowola mpaka kuseri, ndiko kudula. Kuda kwa m'mphepete kumene mwaonako ndi makala.

N'chifukwa chake munthu akandiuza kuti akufuna makinawa, ine ndimati akufuna kulowetsa mbaula m'nyumba. Mbaula ndi yabwino, tonse timadyera momwemo. Koma palibe amayatsa mbaula kuchipinda, kutseka mawindo, n'kunyamuka kupita kumsika.

WOULUTSA: Ndi zobwera kumene zimenezi, kapena ndife tachedwa kuzimva?

MMISIRI: Zinabadwa ine ndisanabadwe. Laser yoyamba kugwira ntchito anaiyatsa Theodore Maiman ku California m'chaka cha 1960. Mu 1964, chaka chimene ife tinkalandira ufulu wodzilamulira, Kumar Patel, wobadwira ku India koma akugwira ntchito ku Bell Labs ku America, anapanga laser ya mpweya wa CO2, yomwe mpaka lero ndi imene imadula m'malo ambiri opanga zikwangwani. Chobwera kumene ndi mtengo. Kale anali makina a m'mafakitale okhaokha. Lero ku China akupanga ang'onoang'ono oti munthu n'kukwera nawo kabaza.

WOULUTSA: Ndiye womvera mtima wadumpha, watsegula foni, akuona makina mbwee. Asankhe ati?

MMISIRI: Oti munthu wamba n'kuika pakhomo ndi a mitundu iwiri. Woyamba amautcha diode. Kuwala kwake ndi kwa buluu, mtundu umene uli m'kati mwa uta wa Leza, choncho maso amakuona. Papepala la makinawo mupeza nambala ya pafupifupi 450 nm, muisunge nambalayi, tiifunanso. Makinawa ndi opepuka, ambiri amabwera ngati felemu ya zitsulo zinayi yopanda chivindikiro, malo ogwirirapo ntchito pafupifupi masentimita 40 mbali zonse. Mayina ngati Ortur, Sculpfun, Atomstack ndi xTool muwaona kawirikawiri.

Wachiwiri ndi wa CO2 uja. Uli ndi chubu chagalasi chachitali kumbuyo, magalasi atatu obweza kuwala, ndi madzi oziziritsa. Kuwala kwake kuli kunja kwa uta wa Leza, kupitirira kufiira, pa 10,600 nm, ndipo diso silikuona n'komwe. Wotchipa kwambiri amautcha K40, malo ake ogwirirapo ntchito ndi ngati pepala la A4.

Kusiyana kumene kungakukhudzeni ndi uku. Perspex woonekera uja, kuwala kwa buluu kumangodutsamo ngati dzuwa pawindo, osasiya kanthu. CO2 imamudula bwinobwino, m'mphepete n'kuchita kunyezimira. Pa matabwa opyapyala, katoni, nsungwi, nsalu ya thonje ndi chikopa, onse awiri amagwira, kungoti CO2 imafulumira. Za kudula malata kapena chitsulo cha geti, iwalani. Onsewa sangathe.

Mukandifunsa ine, woyamba kumene kuno kwathu atenge diode ya mawati 10, makamaka yobwera kale m'bokosi lotsekeka. CO2 aitenge pokhapokha ngati ntchito yake ndi ya Perspex. Chubu chagalasi kuti chichoke ku Guangzhou kapena ku Johannesburg n'kufika ku Lilongwe chili chamoyo, chadutsa m'manja ambiri.

WOULUTSA: Mawati 10 okha? Ine ndaona ena alembapo 40, ena 80.

MMISIRI: Pamenepo ndi pamene ndinagwera ine. Makina anga oyamba pa katoni analembapo 40W ndi zilembo zikuluzikulu. Atafika, pulayiwudi wa mamilimita 3 ndimachita kudutsa kasanu. Nditawerenga tizilembo tating'ono ndinapeza kuti 40 uja ndi magetsi amene makina amadya, kuwala kotuluka kunali mawati 5 basi. Zili ngati munthu akugulitseni ng'ombe yamkaka n'kumakuuzani kuchuluka kwa udzu umene imadya. Funani mawu achingerezi oti optical power. Wogulitsa akamazemba kutchula nambala imeneyo, inunso muzembeni. Ndipo musanatumize ndalama, funsani ku MRA za msonkho wa katundu wotere, kuti makina asakagone pachipata inu mukusaka ngongole.

Koma mayi, ndisanamizepo. Kusankha makina ndi kachigawo kakang'ono. Ine ndikanayambanso lero, ndikanayamba ndi kuyenda m'nyumba mwanga n'kudzifunsa kuti utsi udzatulukira pati.

WOULUTSA: Kutsegula windo sikukwanira?

MMISIRI: Sikukwanira. Pulayiwudi si mtengo wokha, ndi mtengo ndi guluu. Bolodi ija ya MDF ndi utuchi woumbidwa ndi guluu wokhala ndi formaldehyde. Zimenezi zikapsa, utsi wake si wa chikuni cha pamoto wa kumudzi. Umaluma m'maso, umakanda pakhosi, ndipo umakhazikika m'makatani ndi m'zovala. Kamasiki ka kuchipatala kaja sikatchinga mpweya wotere.

Chofunika ndi zinthu zitatu zolumikizana: bokosi lophimba makina, fani yokoka mpweya, ndi paipi yotulutsa kunja. Ngati makina abwera opanda bokosi, mmisiri wa malata amene amapanga mbaula ndi ndowa akhoza kukupindirani. La malata ndi labwino kuposa la matabwa, chifukwa chake mukuchiona kale. Paipi ikhale ya masentimita 10 kukamwa kwake kapena kuposerapo, yaifupi, yosakhotakhota. Fani muiike kumapeto, pafupi ndi khoma, kuti izikoka utsi osati kuukankha. Ikamakankha, paliponse pamene paipi yaboola pamatulukira utsi m'chipinda. Bokosilo musiye mpata kutsogolo woti mpweya wabwino uzilowera.

Poyesa, yatsani koyilo ya udzudzu, muiyandikize pa mpata uja fani ikuzungulira. Utsi ukamalowa m'bokosi, mwakhoza. Ukamangoyendayenda, pali pena pakudontha.

Kenako tulukani panja mukaone kumene paipi yaloza. M'malokeshoni mwathumu nyumba n'zogundana. Mukaloza pawindo la anansi kapena pachingwe choyanika matewera, mudzamva kuchokera kwa alandilodi. Chipinda chogona, khitchini ndi pabalaza, ayi. Galaja, sitolo kapena kanyumba ka kuseri kokhala ndi loko, eya. Lokoyo ndi wa ana.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya zaluso, lero tikucheza za makina a laser a pakhomo. Bambo, munati tisunge nambala ina.

MMISIRI: 450 ija. Tafika pa maso, ndipo pano ndipempha omvera atsitse kaye mpeni ngati akusenda mbatata.

Tija timatochi ta laser tofiira timene aphunzitsi ena amalozera pabolodi, toyenera kugulitsidwa sitipitirira mamiliwati 5. Makina a mawati 5, amene ndawanyoza aja, ndi amphamvu kuwirikiza ka 1,000. Laser iliyonse yopitirira theka la wati imaikidwa m'gulu lachinayi, gulu loopsa kuposa onse. Kuwala kwa buluu kumalowa m'diso n'kukapsereza kumbuyo kwenikweni, kumene diso limaonera, ndipo pamenepo pakapsa sipamerera. Munthu kuti aphethire pamatenga pafupifupi kota ya sekondi. Nthawi imeneyo ndi yaitali kale. Sikuti mpaka muyang'ane m'kamwa mwa makina, ayi. Kuwala kukagunda sikulu yonyezimira, supuni, kapena mphete ya ukwati n'kubwerera, n'kokwanira.

Magalasi a dzuwa sathandiza. A owotcherera zitsulo sanapangidwire ntchito imeneyi. Ofunika ndi olembedwa zinthu ziwiri pagalasi penipeni: manambala a kuwala kumene amatchinga, ndipo 450 ikhale m'kati mwa manambalawo, komanso zilembo OD ndi nambala. OD ikakwera ndi 1, kuwala kodutsa kwachepa kakhumi. OD 5 ndiye kuti kwachepa ka 100,000. Otchinga buluu nthawi zambiri amakhala a olenji kapena ofiirira. Aja amangoponyamo ulere m'katoni opanda cholembedwa chilichonse, ine sindiwakhulupirira. Ndipo a CO2 ndi ena, a diode ndi ena, musabwerekane.

WOULUTSA: Nanga mwana akalowa mwadzidzidzi, magalasi muli nawo ndinu nokha?

MMISIRI: N'chifukwa chake ndimalimbikira bokosi. Magalasi amateteza munthu mmodzi, bokosi limateteza nyumba yonse, ndi galu yemwe. Makina abwino amazima okha mukatsegula chivindikiro. Ma K40 ambiri otchipa amabwera opanda kaswitchi kameneka, ndiye poti kuwala kwake sikuoneka, munthu amapisa dzanja akuyesa kuti palibe kanthu. Kaswitchi kake n'kotchipa, wa zamagetsi aliyense akhoza kukuikirani.

WOULUTSA: Tibwere ku zodula. Ine ndikanakhala nawo, chilichonse cha m'nyumba ndikanachiyesa.

MMISIRI: Aliyense amatero sabata yoyamba, ndipo ndi sabata yoopsa. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma ili lokha limanunkha, kungoti pomwe mukulimva mwalipuma kale. Dzina lake ndi PVC. Pulasitiki ameneyu ali ndi klorini, ndipo akapsa amatulutsa mpweya umene ukakumana ndi chinyezi umasanduka asidi. Chinyezicho chili m'maso mwanu, m'mphuno ndi m'mapapo. Chili ndi pa zitsulo za makina, moti pakapita masiku mumangoona dzimbiri paliponse.

Vuto n'lakuti PVC savala dzina pamphumi. Mapaipi a madzi, amenewo timawadziwa. Koma zinsalu za mabanala zija amasindikizapo nkhope za andale ndi zotsatsa malonda, ndi PVC. Chikopa chabodza cha mipando ya m'minibasi ndi masofa, chambiri ndi PVC. Kapeti wa pulasitiki woyala pansi, masitika ambiri, chimodzimodzi. Mukaona kachizindikiro ka makona atatu m'kati muli nambala 3, ndi yemweyo.

Pali njira yoyesera. Tengani waya wa kopa wosenda bwino, mumugwire ndi pulayala, mumutenthe pa lawi la gasi mpaka afiire. Mukhudzitse pa pulasitikiyo kuti kachidutswa kamatirire, n'kumubwezera pa lawi. Lawi likasanduka lobiriwira, muli klorini, chotsani. Muchitire panja zimenezi.

WOULUTSA: Lobiriwira ngati masamba?

MMISIRI: Ngati msipu, simungalakwitse. Ena oti muwapewe: pali pulasitiki wofanana kwambiri ndi Perspex wotchedwa polycarbonate, amene ena amafolera makhonde. Sadulika, amangosanduka wachikasu n'kuyaka. ABS, wa zikuto za mawailesi ndi zidole zambiri, amasungunuka ndipo utsi wake ndi wapoizoni. Zoyerayera zija amatchingira ma TV m'katoni zimagwira moto ngati udzu wa mu Okutobala. Matabwa ndi mapolo onyikidwa m'mankhwala a chiswe, aja obiriwirako, ambiri ali ndi arsenic. Chikopa chenicheni nacho chili pawiri: chofufutidwa ndi makungwa a mitengo chilibe vuto, koma chofufutidwa ndi mankhwala a chromium, monga cha nsapato ndi majekete ambiri, musachiwotche. Lamulo langa ndi lalifupi: chimene sindikuchidziwa dzina sichilowa m'makina, ngakhale mwini wake alipire kawiri.

Zabwino zilipo zambiri, ndipo zina n'zongotola. Nsungwi zimazokoteka mokongola. Zipanda ndi zikho, ngati mwapeza poti pafulatike. Zidutswa za mlombwa ndi mbawa zimene akalipentala amataya, mukazipala n'kukhala zopyapyala, zilembo zimatuluka ngati zosindikiza. Paini wa ku Chikangawa kapena ku Zomba amadulika msanga koma ali ndi utomoni, umene umayaka komanso kudetsa galasi la makina lounjika kuwala. Mkungudza wa ku Mulanje, wina akabwera nawo kuti ndi wonunkhira bwino, mukaneni. Ndi mtengo wa fuko lathu ndipo watsala pang'ono kutheratu m'phirimo.

Pulayiwudi yekha ndi nkhani. Muyang'aneni m'mbali. Mukaona mizere yakuda pakati pa magawo, ameneyo ndi wa guluu wosamva madzi, ndipo laser imalimbana naye mpaka thabwa kupserera osadutsa. Wa guluu woyera ndiye wathu. Yambani ndi wa mamilimita 3. Gulani kachidutswa kaye mukayese musanagule shiti yonse. Nyengo ya mvula musungeni pouma, mogoneka, mutamutsindika ndi cholemera, chifukwa akapindika mbali ina imadulika, ina ayi.

WOULUTSA: Tisanayambe kujambula munandionetsa chipsera pa bokosi lanu pafoni. Tawafotokozerani omvera.

MMISIRI: Mwandiyalutsa mayi, koma ndinene. Linali Loweruka masana. Ndinkadula zilembo za katoni zoti mwana wanga akapite nazo kusukulu. Ntchito yophweka, ndinali nditaichitapo kambirimbiri. Pageti wina anagogoda, wogulitsa nthochi. Ndinati ndingotenga n'kubwerera. Tinayamba kunenerera mtengo, mukudziwa mmene zimakhalira. Sindikhulupirira kuti panatha mphindi zitatu. Ndinangomva mwana akukuwa kuti, "Adadi, m'galaja!" Kulowa, m'bokosi muli lawilawi. Kachidutswa ka katoni kanadzuka n'kukola mutu wa makina, mutu n'kuima malo amodzi kuwala kukadali koyaka. Pansi pake panali tizidutswa ta masabata awiri timene ndinkachita ulesi kusesa. Nkhuni ndinali nditasonkha ndekha.

Ndinazimitsa pakhoma, n'kuvundikira thaulo lonyowa. Lamba woyendetsa mutu anasungunuka, ndinadikira wina mwezi ndi theka. Pamwamba pa galajayo pali denga la mapaini lolumikizana ndi nyumba yonse. Nthochizo sindikumbuka ngati tinadya.

Kuyambira tsiku limenelo makina akamayenda ine ndili pompo, maso pa ntchito. Foni ikaitana ndimayamba ndaimitsa. Kuchimbudzi, ndimayamba ndaimitsa. Ena amati aika kamera aziona ali pabalaza. Kamera siizima moto. Pafupi ndi dzanja langa pamakhala botolo lopopera madzi la timalawi tating'ono, thaulo, ndi chozimira moto. Cha mpweya wa CO2 ndiye chabwino chifukwa sichisiya zinyalala. Cha ufa chimazima ndithu koma chimawononga makina, komabe kuli bwino kulira makina kusiyana ndi kulira nyumba. Ndipo musathire madzi pulagi ili pakhoma.

WOULUTSA: Palibe chothandiza kuti lawilo lisayambe n'komwe?

MMISIRI: Chilipo, amachitcha air assist. Ndi kapampu kofanana ndi kopopera mpweya m'thanki ya nsomba zoweta m'nyumba, kamene kamauzira pa kadontho pamene pakupsa. Kamathothola lawi lisanakule, kamachotsa utsi kuti usadetse galasi, ndipo m'mphepete mumatuluka moyera. Pa zonse zimene ndinawonjezera pa makina anga, chimenechi ndiye chinasintha ntchito kwambiri. Pansi pa thabwa muike chitsulo chokhala ndi timabowo ngati zisa za njuchi kuti utsi uzipita pansi, ndipo pansi pa icho pakhale lata, osati tebulo lamatabwa.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Nkhani ya magetsi sitingaizembe. Kuno amabwera n'kupita osatsanzika.

MMISIRI: Choyamba, athu ndi a mavolti 230. Ku America ndi 120. Achibale akakutumizirani makina kuchokera kumeneko, werengani kachikwangwani ka kumbuyo musanalowetse pulagi, apo ayi mumva kuti phu, basi zathera pomwepo. Chachiwiri, bowo lachitatu la soketi, la waya wa ethi. M'nyumba zambiri bowolo lilipo koma kuseri kulibe waya. Itanani wa zamagetsi ayeze. Pa CO2 izi si zoseweretsa: chubu chija chimayendera mavolti oposa 10,000, pambali pake pakuyenda madzi, bokosi lake n'lachitsulo. Musatsegule kumbuyo pulagi ili pakhoma, ndipo mukazula dikirani kaye, mphamvu imatsalira m'kati kwa kanthawi.

Magetsi akathima ntchito ili pakati, thabwa limenelo nthawi zambiri latayika. Apa diode ili ndi mwayi: ya mawati 5 kapena 10 siidya magetsi ofika mawati 100, choncho invata ndi batire ya sola ya pakhomo imaikwanitsa, pamodzi ndi laputopu. Ikaninso kotchinjiriza kaja timaika pa filiji, chifukwa magetsi pobwera ndi pamene amapha zinthu. Kukachita ziphaliwali, zulani.

Amene mwasankha CO2, mwalira mvula, landirani ndi matope. Chubu chimafuna madzi oyenda nthawi zonse, a madigiri pafupifupi 20, osapitirira 25. Mu Okutobala ku Lilongwe kunja kumapitirira 30, ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumafika 40. Madzi akatentha, mphamvu imatsika ndipo chubu chimakalamba msanga. Njira ya osauka ndi ndowa yaikulu, kapampu, thermometer, ndi mabotolo a madzi oundana oponyamo. Musapitirize kuziziritsa mpaka chubu kuchita thukuta, madontho ndi magetsi aja sagwirizana. Madzi akhale oyeretsedwa aja timathira m'batire ya galimoto, osati asidi wake, ndipo osati a pa mjigo, chifukwa amasiya miyala m'chubu. Pogula choziziritsira madzi chotchedwa chiller chenjerani: CW-3000 ndi fani chabe youzira madzi, singawaziziritse kuposa mpweya wa m'chipindamo. CW-5000 ndi CW-5200 ndiwo ali ndi injini ngati ya filiji. Ndipo musayatse chubu pampu isanayambe.

WOULUTSA: Za kompyuta, pafunika sukulu?

MMISIRI: Ayi, masabata angapo a madzulo. Chojambulira, Inkscape ndi yaulere. Choyendetsera makina, LaserGRBL ndi yaulere pa Windows, K40 Whisperer ndi yaulere ya K40. LightBurn ndi yogula, koma amakulolani kuiyesa masiku 30, ndipo ambiri akaiyesa sabwerera. Laputopu yakale imakwana.

Sukulu yeniyeni ili pa thabwa. Makina akafika, musayambe ndi chithunzi cha apongozi. Jambulani timabokosi tating'ono m'mizere, kalikonse ndi liwiro lake ndi mphamvu yake, muwotche pa chidutswa chotaya. Muona ndi maso pamene payera, pamene pada, pamene padutsa. Lembani m'kope: thabwa lakuti, mamilimita akuti, liwiro lakuti. Manambala a pa intaneti ndi a thabwa la kwa eni ake, osati limene mwagula ku Mchesi kapena ku Ndirande. Kope langa ladetsedwa ndi mwaye koma sindingaligulitse.

Zikakana kudula, musathamangire kuwonjezera mphamvu. Yang'anani kaye mtunda wa pakati pa galasi ndi thabwa. Mandala a agogo aja tinkawakweza ndi kuwatsitsa mpaka kadontho kachepetsetse, pano n'chimodzimodzi, ndipo milimita imodzi imasintha zinthu. Kenako yang'anani ngati galasi lada. Kuno fumbi la chilimwe limalowa paliponse, ndiye makina muziwafunditsa. Popukuta gwiritsani isopropyl alcohol ndi kathonje, mopepuka. Sipiriti wa pepo uja amasiya utoto. Osathamangitsanso makina pa mphamvu yonse tsiku lililonse, amatha msanga ngati galimoto yoyendera giya imodzi.

Tiwiri tina tating'ono. Dulani zam'kati poyamba, mzere wa kunja pomaliza, chifukwa chidutswa chikamasuka chimasuntha. Komanso moto umadya kanjira kake, pafupifupi gawo limodzi kapena awiri mwa magawo khumi a milimita. Mukamapanga kabokosi kolumikiza mano, mukaiwala kanjirako mano amakhala khwekhwerere.

WOULUTSA: Funso limene aliyense akuliyembekeza: muli ndalama?

MMISIRI: Zilimo, koma si za mawa. Anthu amafuna mayina a pa keke ya ukwati, timphatso ta pa chinkhoswe, zokolekera makiyi, manambala a nyumba, zilembo ndi manambala a kusukulu ya mkaka. Ine ndinayamba kulandira kangachepe patatha miyezi ingapo ndikuwononga mapulayiwudi. Powerenga mtengo, anthu amaiwala nthawi. Chithunzi chimodzi chozokota chikhoza kudya ola lathunthu, ndipo ola limenelo inu mwakhala pompo, simukuchita china. Komanso chizindikiro cha timu ya mpira kapena cha kampani chili ndi eni ake. Chokongoletsa m'nyumba mwanu ndi nkhani ina, koma kuyala pamsika popanda chilolezo ndi kuputa mlandu.

Amene akungofuna kuona ngati angazikonde, ajambule kanthu kake pa Inkscape, apite nako kwa opanga zikwangwani mu Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu amene ali ndi makinawa, alipire, aime pambali aone, anunkhize. Ena amabwerako atatsimikiza mtima, ena amabwerako atapulumutsa ndalama zawo.

WOULUTSA: Nthawi yatithera bambo, wa pamakina akundikodola kuseri kwa galasi. Pali womvera amene makina ake ali kale m'njira, mwina afika Lachisanu. Mumuuza chiyani?

MMISIRI: Akafika, awatulutse m'katoni, awerenge zida, awamange, awajambule chithunzi atumizire anzake. Koma pulagi isalowe pakhoma mpaka magalasi olembedwa OD ali pamphuno, paipi yatulukira kunja, ndipo chozimira moto chili poti dzanja n'kufika. Zikachedwa sabata ziwiri, adikire sabata ziwirizo.

WOULUTSA: Mapuwa sindibweza bambo.

MMISIRI: Tengani mayi. Inu amene muli nawo kale makinawa, musanagone lero kakwezeni chitsulo cha pansi chija, museseko tizidutswa tonse.

(NYIMBO YOTSEKERA)